Tinaombera M'manja Mlongoti Wakufa

M'zaka zija za chipani chimodzi, ine ndili mnyamata wongoyamba kukonza mawailesi kuno ku Kande, mwamuna aliyense ankapereka msonkho wa mutu, ndipo kalata yake tinkayenda nayo m'thumba la malaya, chifukwa mesenjala wa boma akakupeza ulibe, unkagona kumene sunakonzeko. Kankhani mawailesi akufawo, mukhale pa benchipo, ndipo mundikhululukire Chichewa changa chokhotachi. Ndikuchiyankhula chifukwa cha inu aphunzitsi a ku Dedza, komanso mawa aphungu akabwera mudzayankhula nawo chomwechi.

Tinkapereka, koma kufunsa kuti ndalamazo zapita kuti, zimenezo ayi. Nyumba ya Malamulo tinkaimva pa wailesi, yomwe inali imodzi dziko lonse, ndipo phungu akaimirira pa nkhani ya bajeti, ntchito yake inali kuthokoza basi, wina akakhala pansi mnzake amayambira pomwepo. Ifenso tinaphunzira zomwezo. Lero inu mumakalipira nduna pa foni muli gone pa mkeka, koma ife pakamwa pathu pankatuluka "tawonga", zikomo wa kwathu kuno, ngakhale atiponde chala.

Ndisaiipitse yonse wailesi ija, chifukwa inali ndi chabwino chimodzi: inkachenjeza za mwera, mphepo ya kum'mwera ija imene imagudubuza mabwato. Asodzi ankayanika mabatire pa dzuwa kuti apeze kamphamvu komvera chenjezo lokhalo, ndipo akamva kuti mwera ukubwera, maukonde ankagona pa mchenga.

Zipani zitachuluka, chaka china mphezi inakantha mlongoti wa paphiri umene unkatibweretsera mawu a wailesi ya boma, ndipo dera lathu lonse lino mpaka ku Sanga linangoti zii. Anthu anayamba kutuntha mawailesi kubwera nawo kwa ine, ati afa, koma ndikatsegula ndinkapeza zonse zili bwinobwino. Ndikanafuna ndikanalemera nawo, koma ndinkawauza zoona, kuti chafa ndi mlongoti.

Kenaka tinamva kuti kukubwera komiti ya aphungu, aja amene amaunika bajeti isanavomerezedwe, kudzamva maganizo a anthu. Tinasankha mkulu wa mpingo wathu, Ada Longwe, paja kwathu bambo timati ada, munthu waulemu wake, kuti atiyankhulire. Tinagwirizana kuti nkhani yaikulu ndi mlongoti, koma mwambo wathu mukuudziwa, mlendo sumulandira ndi madandaulo. Ati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye apite ndi mbiri yabwino ya kwanu.

Tsikulo, m'kalasi ya pa sukulu apo, Ada Longwe anaimirira n'kuyamba kuthokoza. Anathokoza msewu, anathokoza chipatala, anathokoza kuti alendo ayenda bwino, anafotokozanso mbiri ya mishoni kuyambira pa azungu oyamba, ndipo asanafike pa mlongoti, mayi amene anali wapampando wa komitiyo anayang'ana wotchi nati nthawi yatha. Koma mayiwo, ndiwachitire chilungamo, anafunsa okha. Anati, "Mu bajeti muli ndalama zokonzera milongoti ya wailesi ya boma, koma sizikwanira madera onse. Kodi kuno mumaimva?"

Kunena kuti ayi kunali ngati kuwauza alendo kuti katundu wawo ndi wowola, iwo atakhala pomwepo ndi mabotolo a zakumwa zimene tinawagulira. Ada Longwe anawerama nati, "Timamvako, ama, tawonga ukongwa," ndiye kuti zikomo kwambiri, mayi. Ndipo kalasi yonse inaomba m'manja. Musandiyang'ane choncho, inenso ndinaomba, ine amene m'nyumba mwanga munali mawailesi osalankhula mpaka kudenga. Mlembi wawo analemba, alendowo anakwera magalimoto, ndipo ndalama zija zinapita kwa anthu ena amene anadziwa kulira.

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho, mng'ono wanga Yotamu analowa m'nyanja kukapha usipa ndi anzake awiri, kumwamba kuli mbee, madzi ali phee. Mwera unawapeza ali kutali. Anzake aja anapulumuka atagwira bwato, koma Yotamu sitinamuone mpaka lero, ndipo anasiya mkazi wake NyaManda ndi ana anayi. Pa maliro opanda mtembowo, dalaivala wina wa lole wochokera ku Nkhotakota anatifunsa modabwa kuti, "Bwanji analowa m'madzi? Wailesi yakhala ikuchenjeza masiku awiri." Mawu amenewo anandilasa mumtima, ndipo ndinachita manyazi amene sanandichokebe.

Ndinalembera kalata phungu wathu, ndipo yankho lake linali laulemu kwambiri: lipoti la komiti likuti anthu a dera lino ananena okha kuti wailesi amaimva. Ndikanakangana naye bwanji? Munthuyo sananame, onama tinali ife.

Patapita zaka ziwiri komiti ija inabweranso, ulendo uno ku loji ina ya ku Chintheche, ndipo olowa anali okhawo olandira makalata. Ine kalata ndinalibe, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinanyamula mawailesi asanu ndi limodzi m'thumba la feteleza, n'kumanga pa njinga. Mlonda wa pa geti anati, "Madala, muli ndi kalata?" Ndinati, "Ndilibe, mwana wanga, ndangoperekeza mboni izi." Anasuzumira m'thumbamo, anaseka, n'kuyang'ana kumbali.

Ndinapeza Ada Longwe ali chiimire, ali pakati pothokoza msewu womwe uja. Sindinadikire. Ndinayala mawailesi anga pa tebulo la aphungu, pakati pa mabotolo a madzi, n'kuwatsegula onse pa malo a wailesi ya boma, ndipo chipinda chonse chinadzaza ndi phokoso lija la shiii, ngati mvula pa malata. Phungu wina wachinyamata, wa taye yofiira, anati, "Akuluakulu, mawailesi anuwa ndi okalamba ngati inu nomwe." Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma ndinapotoza chosinthira siteshoni kamodzi kokha, ndipo munatuluka Chiswahili cha kutsidya kwa nyanja, chomveka bwino ngati wolankhulayo ali pansi pa tebulo. Ndinati, "Okalamba amamva, bwana. Akumva dziko la eni, lathu ndiye lakhala chete."

Ada Longwe anandikoka jekete nati, "Ada Mphande, mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo." Ndinawayankha kuti manyazi ndinawadya kale ndipo ndakhuta. Ndiye ndinatembenukira kwa aphungu aja ndi kuwauza kuti msonkho wa mutu unatha, inde, koma lero ndimapereka msonkho pa batire iliyonse, pa sopo, pa ulusi wa ukonde, ndipo m'ndalama zimenezo ndi m'mene amatapa zoyendetsera wailesi imene ine sindiimva. Ndinati, "Inu tinakutumani kukakhala pa khomo la nkhokwe. Nduna ikabwera kudzatapa, muziifunsa kuti chaka chatha inatapa zingati ndipo zinagwira ntchito yanji."

Wapampando anali mayi omwe aja. Anatsegula mapepala awo nati, "Koma bambo, pano palembedwa kuti munavomera nokha kuti mumaimva." Ndinati, "Tinanama, ama. Tinanama chifukwa cha ulemu, ndipo ine ndinaomba nawo m'manja. Mng'ono wanga ali pansi pa nyanja iyo mukuionayo." Mayiwo anavula magalasi.

Anandipempha kuti ndikhale pansi, ati zamveka, koma ine ndinakana. Ndinati sindikhala mpaka mlembi awerenge mokweza zimene walemba, chifukwa ndinali nditaphunzira kuti ku Lilongwe sikupita nkhope zathu kapena misozi yathu, kumapita pepala. Mlembiyo anawerenga kuti, "Anthu apempha kuti mawu a wailesi awonjezeredwe mphamvu." Ndinati, "Fufutani. Mulembe kuti mlongoti unafa zaka zitatu zapitazo, ndipo munthu wamira chifukwa sanamve chenjezo." Anayang'ana wapampando, mayiwo anagwedeza mutu, ndipo analemba. Ndinamuwerengetsanso kachiwiri.

Zimene zinachitika ku Nyumba ya Malamulo sindinazione, koma phungu wathu anadzandiuza, atandikwiyira ndithu, kuti komiti inakana kuvomereza gawo la ndalama za wailesi mpaka nduna itafotokoza za milongoti yakufa. Mvula isanayambe tinaona amisiri akukwera phiri. Ada Longwe anakhala chaka osandipatsa moni ku tchalitchi, koma ine ndinkawapatsabe.

Tsiku limene mawu anabwerera, ndinasankha wailesi yabwino kuposa onse, ndinaikamo mabatire atsopano, n'kupita nayo kwa mlamu wanga NyaManda, ndikuganiza mwa uchitsiru wanga kuti ndikamusangalatsa. Ndinamupeza akusenda chinangwa. Anamvetsera mpaka wolengeza anafika pa za nyengo ndi kuchenjeza asodzi a pa nyanja, ndipo atatha anapukuta manja, anaitseka, n'kundibwezera. Anati, "Alamu, akuuza yani tsopano?" Ndinabwerera nayo kunyumba, ndipo njira yonse ndinkalira.

Tsono mawa akubweranso, ana anga, ndipo ndamva kuti ndalama za wailesi akufuna kuzidula, kuti izidzipezera yokha kwa amalonda. Wamalonda adzalipira nyimbo ndi mpira, koma sindikudziwa amene adzalipire chenjezo la msodzi wa ku Ruarwe, kumene foni imagwira mwa apo ndi apo. Mukawafunse zimenezo. Muwalandire bwino, muwapatse mipando, muthokoze kamodzi kokha, ndipo funso lanu likhale loyamba, nthawi isanathe. Akakufunsani kanthu, muyankhe zimene zilipo ngakhale mawu anjenjemere, ndipo musachoke mlembi asanakuwerengereni. Phungu akakhumudwa adzakwera galimoto yake n'kukafika kwawo ali wamoyo. Koma inu amayi, amuna anu ndi alongo anu akulowa m'madzi mwezi wamawa.