Galu Amene Ndinamuphonya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinali munthu wonyadira sukulu. Nditamaliza maphunziro a za ziweto ku koleji, boma linanditumiza ku Chikweo. Anandipatsa nyumba pafupi ndi dipi ya ng'ombe, njinga, jekete ya kaki ndi mfuti ya ntchito. Kutchalitchi ndinkapita chifukwa cha mkazi wanga Esinati. Iye ankapemphera, ine ndinkayang'ana wotchi.

Esinati anamwalira tisanakwanitse zaka ziwiri m'banja. Anadwala masiku anayi okha. Za imfa yake sindinena zambiri.

Pamaliro sindinalire, ndipo anthu anati ndine wolimba mtima. Nditabwerera kuntchito ndinayamba kumwa kachasu. Sindinkasokosa. Ndinkamwera m'nyumba, kenako n'kutafuna ndimu kuti fungo lisamveke.

Chaka chomwecho chiwewe chinabuka kuderako. Mukudziwa mmene zimakhalira. Boma limalamula kuti agalu onse amangiriridwe pakhomo, ndipo galu wopezeka akuyendayenda amawomberedwa. Koma mfuti isanafike pamayamba pafika kalata. Kalatayo imaperekedwa kwa tcheyamani wa nthambi ya chipani, iye n'kuiwerenga pamsonkhano kuti anthu akonzeretu zingwe.

Wopereka makalatawo ndinali ine. Ndinapereka onse kupatula imodzi, ya mudzi wina wa kutsidya kwa dambo. Ndikupita kumeneko ndinaima pakhomo pena pamene ankatcheza kachasu. Ndinadzidzimuka ndili pansi pa mtengo wa mango, dzuwa litapendeka. Ndinabwerera kunyumba, ndipo kuofesi ndinanena kuti makalata onse afika.

Patapita sabata ziwiri ndinalowa m'mudzi muja ndi mfuti. Agalu anali ponseponse, osamangirira. Ndinkadziwa chifukwa chake. Komabe ndinawombera. Azimayi anangoima m'makonde, manja ali pakamwa.

Tcheyamani wa kumeneko anali Che Amidu, bambo wachikulire, Msilamu, mlimi wa thonje ndi chinangwa. Anthu anayamba kunena kuti iwo analandira kalata n'kuikhalira. Nkhani inakwera, ndipo anaitanidwa kuti akaonekere ku Boma pakatha masiku khumi. Kubisa kalata ya boma si mlandu waung'ono. Ine ndinamva zonsezi, koma sindinaulule.

M'mawa wina ndinaona Che Amidu akukankha njinga kulowa pabwalo panga. Pakaliyala panali dengu. M'dengumo munali galu wamkazi, mwendo wakumbuyo utaphwanyika ndi chipolopolo changa, pamodzi ndi tiana take tinayi.

"A dokotala, uyu munamuphonya," anatero. "Wagona m'munda mwanga masiku atatu. Mumalizeni kapena mum'chize. Ine zonse ziwiri sinditha."

"Mwamunyamula nokha, Che Amidu?"

Ndinafunsa choncho chifukwa kwawo galu sagwiridwa wamba. Amakhala kumunda kuthamangitsa anyani, ndipo sayandikira mkeka wopempherera.

"Ndikasamba, madzi alipo," anayankha. Kenako anayang'ana manja anga amene ankanjenjemera. "Koma muyambe mwadya, mwanangu. Manja amenewo sangasoke ngakhale thumba la thonje."

Atatembenuza njinga anaima pang'ono.

"Kalata ija mwina inagwera m'dambo. Zimachitika."

Anapita osayembekeza yankho.

Ndinamusoka galuyo ndi manja omwewo. Ntchito ya mphindi makumi awiri inanditengera m'mawa wonse. Chilondacho chinkafuna kutsukidwa ndi madzi amchere katatu patsiku. Tiana tinkafuna phala, popeza mayi wawo analibe mkaka wokwanira. Ndinkaphika madeya n'kusinjiramo mitu ya matemba. Ndinkazula nkhupakupa m'makutu imodziimodzi. Tsiku loyamba ndinamwa madzulo okha. Lachiwiri ndinadzilasa ndekha ndi singano, ndipo ndinaona kuti botolo ndi chilonda chimenechi sizingayendere limodzi. Lachitatu sindinamwe, ndipo thupi lonse linandiwawa.

Galuyo anali ndi khalidwe limodzi. Ndikabwera ndi malaya okha ankandilola kumugwira. Ndikavala jekete ya kaki ankachita ukali, n'kudzikoka kupita pakona, tiana tili kumbuyo kwake. Ankaikumbukira. Choncho ndinazolowera kuivula n'kuikoleka pa msomali ndisanalowe m'khola limene ndinkamusungamo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, masana, ndikuikoleka, dzanja langa linakhudza thumba lam'kati. Pepala linalira. Sikuti ndinali nditaiwala kuti lilimo. Ndinkangopewa thumba limenelo.

Ndinaitulutsa kalatayo. Dzina la Che Amidu linali pamwamba, lolembedwa ndi dzanja langa. Machesi anali m'thumba lina.

Ndinalowa m'kholamo n'kukhala pansi. Galu uja ankanyambita tiana take, osandilabadira. Pamenepo ndinagwada, ine amene ndinali ndisanagwadepo mwa kufuna kwanga. Ndinati, "Ambuye Yesu, Esinati ankakudziwani. Ine sindikudziwani. Ndapha zopanda mlandu, ndipo munthu wosalakwa akupita kukayankha mlandu wanga. Ndithandizeni." Mawu anathera pomwepo. Ndinalira, ndipo ndinaliranso mkazi wanga.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangodzuka ndikudziwa chochita.

Mawa lake ndinasiyira mnansi wanga poto wa phala, ndinapita ku Boma. Ndinaika kalatayo patebulo la bwana wanga, isanatsegulidwe.

"Ukudziwa chimene ukuchita, iwe?" anandifunsa.

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukanaitentha, ndani akanadziwa?"

"Ine, bwana."

Bwanayo anaitana kalaliki.

Che Amidu sanakaonekerenso. Ine anandilanda mfuti, anandiimitsa ntchito miyezi itatu, kenako anandisamutsira kuno ku Balaka pa udindo wotsika. Sindidandaula. Chilangocho chinali chochepa poyerekeza ndi chimene ndinachita.

Ndisanasamuke ndinapita kumudzi kuja kukapepesa pamaso pa anthu. Ena sanandiyankhe, ndipo sindiwaimba mlandu. Che Amidu anandipatsa mtolo wa chinangwa, natenga tiana tiwiri.

"Mayiyo mupite naye," anatero. "Ndi mwendo umenewo anyani azimuseka."

Umu ndi mmene agalu anayambira pakhomo panga. Lero alipo khumi ndi anayi. Ena ndinawatola m'mbali mwa njanji, ena kumsika, odzaza mphere ndi utitiri. Wina anamusiya atamumangirira pamtengo eni ake atasamuka. Ndimadzuka mbandakucha kusesa m'makola ndi kusintha madzi. Ndimaphika phala m'theka la mgolo. A kubutchala amandisungira mafupa, ngakhale amandiseka kuti ndinapita ku koleji kukaphunzira kuphikira agalu. Watsopano aliyense amakhala payekha kufikira nditatsimikiza kuti alibe chiwewe, kenako amabayidwa katemera. Akachira ndimawapereka kwa anthu amene ndaona pakhomo pawo. Ena amafa. Amenewo ndimawakwirira kuseri kwa munda.

Lamulo lomangirira agalu likabwera, ndimapempha kuti kalata ndikapereke ndine. Ndimaimirira pomwepo mpaka iwerengedwe.

Sindinena kuti chisoni chinatha. Pali masiku amene ndimaika makapu awiri patebulo. Ludzu la kachasu nalonso limabwera, makamaka mwezi umene Esinati anadwala. Koma patha zaka zitatu ndisanalawe, ndipo si mphamvu zanga. Ine mphamvu zanga ndinaziona pamene zinathera.

Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye. Ananditumizira chifundo kudzera mwa munthu wa chipembedzo china, munthu amene ndinamulakwira, atanyamula chinthu chimene sakanafuna kuchigwira. Dzina la Yesu lilemekezeke.

Mbale wanga, mlongo wanga, ngati pali munthu amene akusenza mlandu umene uli wako, usadikire. Pita kwa Yesu, kenako upite kwa munthuyo. Ngati ukuopa kupita wekha, ndipeze. Loweruka lililonse m'mawa ndimasambitsa agalu, ndipo manja awiri sakwana. Tidzagwira ntchito, tidzapemphera, kenako ndidzakuperekeza.

Amen.