A Musaphethire ndi Chithunzi Chimene Mayi Ankakana

Abale ndi anansi, amene agona apawa ndi apongozi athu, bambo ojambula zithunzi amene tonse tinkawatchula kuti a Musaphethire, poti ndiwo mawu amene ankanena asanadine kamera. Anabadwa m'chaka cha 1951 m'nyumba ya zipinda ziwiri, kuseri kwa shopu ya bambo awo okonza njinga. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Pulayimale anamaliza bwino, ndipo ku sekondale anakhalako zaka ziwiri. Masamu ankawakonda, zina zonsezo ankangopirira. Bambo awo atayamba kudwala msana, iwo anasiya sukulu n'kukagwira sipanala.

M'chaka cha 1975 anakwatira mayi athu akhala apawa. Mayi anali telala, ndipo diresi laukwati anasoka okha, la timaluwa pachifuwa. Chithunzi cha ukwatiwo chitabwera, diresi linali mbee, lopanda duwa ngakhale limodzi, nkhope ya mayi ili bii ngati kunsi kwa poto, kungooneka mano okha. Mayi anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Amenewa ndi akazi anu ena. Pakhoma panga sakhalapo." Malemu anapita kukadandaula kwa wojambulayo. Mkulu uja anawapatsa negetivi, kafilimu kamene chithunzi chimachokerapo, nati ngati akudziwa kwambiri alowe m'chipinda chamdima akatsuke okha. Analowadi. Za njinga zinathera pomwepo.

Anaphunzira ntchito kwa mkuluyo zaka zinayi, kenako anatsegula situdiyo yawo. Kuseri kwake kunali chipinda chamdima chokhala ndi babu lofiira, chingwe choyanikapo zithunzi ndi mabeseni atatu a mankhwala. Beseni likasowa kukhitchini, mayi sankavutika n'kufunsa ana. Ankadziwa kumene lapita, ndiponso kuti silibwerako.

Pantchito yawo malemu sankakhulupirira maso. Ankati chithunzi chonyowa n'chabodza, m'beseni chimasangalatsa koma chikauma chimada. Choncho anagula makina oyezera, amene pakhomo tinkangowatcha sikelo. Ankaika negetivi pakabowo kotulukira kuwala, singano n'kuloza nambala yosonyeza mmene filimuyo yadera pamalopo. Ankayeza pankhope, n'kuyezanso pachovala choyera. Manambala awiriwo akatalikirana, ankatenga pepala lofewa, limene limada pang'onopang'ono. Akayandikana, ankatenga lolimba. Chithunzi chikauma ankachiyezanso asanachipereke kwa mwini wake. N'chifukwa chake ambiri muli pano muli ndi zithunzi zimene nkhope zanu zikuoneka ndi mphuno zomwe. Amene ankapempha kuti awayeretseko pang'ono ankauzidwa mwaulemu kuti sopo amagulitsa kugolosale.

Mafoni atabwera, ana awo anaika makompyuta kutsogolo kwa situdiyo, koma chipinda chakuseri malemu anakana nacho.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo m'kwaya ankaimba besi. Maukwati ndi maubatizo ankajambula ndi iwo. Mkwatibwi wovala zoyera sankamulola kuima padzuwa. Ankamukokera pamthunzi wa khonde, abusa n'kumadikira ndi anthu onse, osadandaula, poti nawonso ankafuna kuoneka.

Koma negetivi ya ukwati wawo inawakanika. Mkulu wojambula uja anaijambula dzuwa lili paliwombo, ndiye manambala ake anatalikirana kuposa mmene pepala lililonse la m'sitolo likanathera. Ankayesa kutchinga kuwala pankhope ndi chala, koma zala zokulira pa sipanala zinkasiya mthunzi mpaka paphewa. Chaka chilichonse, mwezi wa ukwati wawo ukafika, ankatsuka china n'kukachipereka kwa mayi ndi manja awiri. Mayi ankapukuta m'manja, kuyang'ana, n'kubweza. Nkhope ikaoneka, maluwa ankasowa. Maluwa akaoneka, nkhope inkasowa. Zokanidwazo ife tinkakupizira moto pambaula, ndipo kunena zoona zinkakupiza bwino. Anthu tinkaseka, malemu nawo ankaseka, koma m'nyumba ya munthu amene anadzaza makoma a anzake munalibe chithunzi cha ukwati, ndipo zinkawadya mumtima.

Zaka zitatu zapitazo matenda a shuga anayamba kuwatha maso, moti singano ya sikelo sankaionanso. Mapepala a zithunzi zakuda ndi zoyera anali atasiya kupezeka. Mnzawo wina wakale, potseka situdiyo yake, anawapatsa kabokosi ka pepala lofewa kwambiri, muli mapepala owerengeka. Amenewo akanatha, nkhani ikanathera pomwepo. Apa m'pamene mayi, amene zaka zonsezi ankakana kupondamo m'chipindamo ati mumanunkha, anamanga mpango pamphuno n'kulowa. Mayi ankawerenga manambala mokweza, malemu n'kumawerengera nthawi pamtima. Ife panja tinkangomva mkangano.

"Mayi a ana, yezani patsaya, osati pakhutu!"

"Tsayalo ndi langa, bambo, ndikudziwa pamene lili."

Mapepala angapo anaonongeka, kabokosi n'kumapepuka. Kenako mayi anaitanitsa sizasi yawo. Anadula kansalu kofanana ndendende ndi mutu wa pachithunzipo, ndi velo lomwe, n'kukamangirira kuwaya. Ndi kameneko anatchinga nkhope yawo, diresi n'kulandira kuwala konse kumene linkafuna. Dzanja la telala silinjenjemera.

Chithunzicho chitauma, malemu sakanatha kuchiona. Anapempha kuti awawerengere nambala ya patsaya ndi ya pamaluwa. Atazimva anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Basi, ndakuonani." Mayi anatuluka nacho pakhonde, anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ameneyu ndiye ine. Koma inuyo tayi inapindika." Tsiku lomwelo anatuma mdzukulu kukagula felemu, ndipo msomali anakhoma okha pabalaza. Mlendo aliyense wobwera kudzazonda matenda ankayamba waimikidwa pamenepo, malemu ali pampando n'kumafunsa kuti, "Maluwawo mukuwaona?"

Mwezi watha impso zinafooka ndipo anagonekedwa m'chipatala. Madokotala ndi anamwino anayesetsa, ndipo banja likuwathokoza. Lachiwiri m'mawa anatisiya ali ndi zaka 74, mayi ali pambali pawo.

Malemu asiya mkazi wawo, ana aamuna awiri, ana aakazi atatu, adzukulu khumi ndi mmodzi, mlongo wawo mmodzi, ndi ife apongozi awo amene anatilandira ngati ana obala okha.

Bambo athu agona opanda ntchito yotsala. Apumule mu mtendere.