Esinati Anayankha Ayi Ponseponse

Chaka chija masitolo anali mbee, manesi ambiri atathawira ku Joni, ine ndinkathandiza pa kiliniki ya m'dera lathu, kuno kudziko la Ashona, ndipo akuluakulu anatipatsa pepala la mafunso a m'Chishona loti tizifunsa amayi apakati ndi ongochira kumene. Ife tinkangowerenga ma inde. Akachuluka, ndiye kuti mayiyo akudwala maganizo. Inu atsikana a lero mumafunsira pa foni, koma nkhawa yake ndi yomweyo. Ukafunsa ngati akugona bwino, pafupifupi aliyense ankati sagona, poti ndani akanagona ndi njala? Tsono wodwala weniweni umudziwa bwanji?

Kunabwera Esinati, mwana wa anthu a kwathu olankhula Chichewa amene anachotsedwa ku mafamu kumene ankagwira ntchito, wogulitsa tomato m'dera la m'tauni la Kuwadzana. Mwamuna wake ntchito itatha ku mafakitale a ku Workington anapita osatumiza mawu. Khanda la masabata atatu lili pamiyendo, apongozi ake ali pambali, iye funso lililonse, ayi. Pepala linati ali bwino, ndipo ndinamulola kupita, koma mtima unakana, chifukwa nthawi yonseyo sanamuyang'ane mwanayo ngakhale kamodzi.

Masiku awiri ndinkangomuganizira. Tsiku lachitatu masana ndinayenda pansi kupita kwawo, makombi, maminibasi aja, alibe mafuta, ndipo ndinamupeza atakhala pakhomo, mwana akulira m'nyumba.

Ndinamufunsa m'Chichewa, "Mwanawe, mtima uli bwanji?"

Sindinamufulumize, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anati, "Mayi, ndikamunyamula sindimva kanthu. Dzulo ndinaima naye pachitsime, ndikuyang'ana pansi."

Ndinafunsanso, "Nanga bwanji sunanene?"

"Apongozi anali pomwepo. Komanso Chishonacho ndimagulitsira tomato, sindilirira."

Tsiku lomwelo ndinabereka mwanayo ndekha, tinapita kwa asisitala, nesi wamkulu amene anatsala, ndipo apongozi aja atamva, analira, nayamba kugona naye chipinda chimodzi. Esinati anachira, pang'onopang'ono, miyezi ndithu.

Pepalalo musalitaye, ana anga, linatipezera ambiri amene tikanawaphonya. Koma achibale muziyamba mwawatulutsa panja, mufunse m'chilankhulo chimene munthuyo amalotera, ndipo sabata yotsatira mufunsenso. Esinatiyo ine ndinamutsatira chifukwa ndinkadziwa kwawo. Enawo amene anati ayi n'kutuluka pachipata, mpaka lero sindidziwa kuti anakafika bwanji.