Moni Amene Mayi Pyo Ankadikira

Malemu Mayi Pyo Gyeong-ran anabadwa pa 9 Epulo 1952 ku Andong, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Mu 1971 anapita ku yunivesite ku Seoul kukaphunzira za maganizo a munthu, ngakhale kuti achimwene awo aakulu, amene akuwerenga mbiri ino, ankafuna kuti akhale mphunzitsi.

Mu 1978 anakwatiwa ndi Bambo Seok Dong-gil, nakhazikika kuno ku Chuncheon. Mu 1986 anatsegula chipinda cha uphungu pamwamba pa sitolo ya nsapato. Munalibe zambiri: mipando iwiri yotalika mofanana ndi ketulo ya tiyi wa balere. Kumeneko ankalandira anthu olemedwa ndi nkhawa, ndipo ankati mankhwala aakulu si nzeru za phungu, koma kukhulupirirana kwa anthu awiri okhala pamipandoyo.

Pali mbiri imene tiyenera kuikonza lero thupi lisananyamuke. Ambiri munkati malemu anali odzikuza chifukwa mumsika sankayamba kupereka moni. Apongozi awo ankadandaula kuti, "Mkazi ameneyu khosi lake n'lachitsulo kodi?" Amuna awo ankangoseka: "Amake Hae-won, tsiku lina mudzandipitirira ine ndemwe!" Achimwene awo, amene anaphunzitsa ana ulemu zaka makumi anayi, anawadzudzula kolimba pamaso pa abale. Malemu anayankha mofatsa kuti, "Achimwene, ndikalonjera munthu, msika wonse udzamufunsa kumene tinadziwirana. Ayambe yekha akafuna." Anasankha kutchedwa amwano kusiyana n'kuulula chinsinsi cha munthu mmodzi. Achimwene awowo analakwa, ndipo akuvomera pamaso panu.

Mu Malichi 2023 anawapeza ndi khansa ya chiwindi. Anachedwetsa kugonekedwa m'chipatala masabata awiri kuti atsanzikane ndi aliyense amene ankamuthandiza n'kumupereka m'manja mwa phungu wina. Makope awo onse a uphungu analamula kuti atenthedwe osawerengedwa, ndipo tinatero. Anatisiya pa 14 Novembala 2023, ali ndi zaka 71.

Asiya amuna awo, ana awiri, Hae-won ndi Min-gyu, ndi zidzukulu zitatu. Tikuthokoza madokotala, anamwino ndi anansi amene anatigwira mkono.

Kwa inu amene mwaima chakukhomo, amene nkhope zanu sitikuzidziwa: buku la alendo musalembemo ngati simukufuna, ndipo wa m'banja lino aliyense asakufunseni dzina. Maluwa oyera otsanzikira malemu ali apo. Senderani pafupi ndi chithunzi chawo. Monga mwa masiku onse, akudikira kuti muyambe ndinu.

Mzimu wa Mayi Pyo Gyeong-ran, amene anasenza zinsinsi zambiri osagwetsa n'chimodzi chomwe, uuse mumtendere.