Mapoto Osada

Ndinkadikira minibasi pa siteji ya Masambanjati, nditazolika ngati sindikumva. Pambali panga mayi wachikulire anayamba kucheza ndi mayi wachitsikana amene ananyamula mapoto m'beseni.

"Mwananga, mapoto owala chonchi mumatsukira chiyani? Anga adada kalekale. Phulusa, mchenga, ndimu, zonse zakanika."

"Sindiwakwecha n'komwe, amayi. Ndi mphatso za paukwati."

"Ukwati wa liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chonse osada? Mumaphikira pamagetsi?"

"Ayi, pankhuni pomwe. Kungoti bambo akaweruka kothyola tiyi amakadya kwina. Ine ndekha ndimangowiritsa mbatata m'kapoto kamodzi."

"Ndiye mukupita nawo kuti?"

"Ndikubwerera kwa mayi anga ku Thekerani. Kumeneko kuli anthu odya. Akadera komweko."