Chitsulo Chimene Alamu Anasenza

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mwina mtima wanga ungakhale pansi. Ndine bambo wa ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Michesi. Ulamuliro wa chipani chimodzi utangotha ndinapita ku Joni, n'kupeza ntchito ya njanji. Tinkakweza milatho ndi kukumba pansi m'mphanga momwe sitima imadutsa, kuti mawaya a magetsi oyendetsa sitimayo akwane pamwamba.

Nditakhazikika ndinaitanitsa alamu, amuna a achemwali anga. Iwo anakulira kutsitsa matabwa m'phiri la Mulanje, ndiye katundu aliyense malo ake anali pamutu. Koma kunjanjiko lamulo linali loti chitsulo chachitali tizinyamula awiri, m'munsi mwa chiuno.

Tsiku lina masana kapitawo anatikalipira kuti tikuchedwa. Mawaya anali atayatsidwa kale. Pakhomo pa mphanga panatsala chitsulo chimodzi, ine manja ali odzaza. Ndinati, "Alamu, ingosenzani ngati kwathu, tizipita."

Anaseka, n'kuchikweza. Sichinakhudze n'komwe waya, moto unachita kudumpha wokha.

Maliro ndinabwera nawo kumudzi. Achemwali atandifunsa kuti zinakhala bwanji, ndinayankha kuti, "Sanamvere lamulo."

Kuyambira pamenepo mtima wanga sukhala pansi. Ndikaona munthu akutsika m'phiri thabwa lili pamutu, ndimapatukira kutchire. Chaka chilichonse ndimawalimira achemwaliwo munda wa chinangwa, iwo n'kumandithokoza, ndipo kuthokozako ndi kumene kukundimaliza.

Achemwali, ndikudziwa kuti nthawi ino wailesi yanu simuzimitsa. Amuna anu lamulo ankalisunga. Amene anawauza kuti asenze ndine.