Dzanja Lamanzere la Ada Mackford Chiumia

Malemu Ada Mackford Chiumia anabadwa pa 9 Malichi 1896 kuno ku Chikale, m'banja la asodzi. Sukulu anaphunzira ku Bandawe mpaka Sitandade 4. Masamu ankawavuta, izi tisabise, koma zilembo zawo pa sileti zinali zowongoka moti aphunzitsi ankazionetsa kwa ana ena.

Mu 1919 anapita ku Joni ndi anzawo, nakapeza ntchito yopaka penti sitima zapamadzi pa doko la ku Durban. Mzere wa m'mbali mwa sitima ankaulemba popanda chingwe, ndipo sunkakhota. Mu 1924 anabwera kutchuthi n'kumanga ukwati woyera ndi Ama Ellen NyaManda. Atabwereratu kumudzi mu 1946, ndiwo ankalemba maina pa maboti ndi pa masitolo a padoko pano. Akaona chikwangwani chopendekeka, ngakhale cha eni ake, ankaima n'kuchiwongola.

Mu Juni 1952 anagwa ali pantchito. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Atatuluka m'chipatala anagona pamphasa atayang'ana kukhoma, nsima ya kondowole akuikankhira kutali. Tinachita mantha, abale anga. Tinkaona kuti munthu akutisiya, osati chifukwa cha matenda okha, koma chifukwa dzanja lolemba mizere linali litapita, ndipo iwo sankaonanso chodzukira.

Ama NyaManda, monga mukuwadziwira, sanyengerera munthu. Tsiku lina anatenga zitini za penti yotsala, bulashi ndi chibenthu cha bwato wosweka, n'kuziika pambali pa mphasa. Anauza amuna awo kuti ngati akufuna kufa ayambe amaliza pentiyo, chifukwa zitini zikudya malo m'nyumba. Malemu anapsa mtima. Anagwira bulashi ndi dzanja lamanzere kuti alembe dzina lawo, koma chilembo choyamba chomwe chinakana. Mwaukali anangopaka chofiira uku ndi uku, chakuda pamwamba, mpaka chibenthu chonse chinadzaza. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka, kuseka koyamba chidwalireni. Tsiku limenelo anadya, mpaka kupempha usipa wowonjezera.

Kuyambira pamenepo sanajambulenso chinthu chodziwika. Munthu ayi, nsomba ayi, mitundu yokhayokha yopiringizana. Matabwa atatha pakhomo, Ama NyaManda anakana kukawatolera ena, ndiye malemu anayenera kutsikira okha kugombe. Umo ndi mmene anayambiranso kuyenda, ndi ndodo mu 1953, opanda ndodo chaka chotsatira. Mawu nawo anabwerera chifukwa cha anthu ofunsa. Msodzi wina ankati ajambula ukonde wokodwa pamiyala, wina ankati ndi tizilombo ta nkhungu tikuuluka panyanja, mayi wina wa pamsika anaonamo nkhope ya apongozi ake. Onsewa malemu ankangowayankha kuti, "Mwaona bwino."

Mu 1955 akulu a mpingo anabwera kudzafufuza ngati mitunduyi sinali ya zamankhwala. Malemu anawalozera thabwa lina n'kuwauza kuti umenewo ndi mutu umene unkawawawa ali m'chipatala, ndipo chiupakireni pathabwapo sunabwererenso m'thupi. Nkhani inathera pomwepo. Mmodzi mwa akuluwo, Ada Yohane Longwe, anabwerera kwawo atakhwapatira thabwa, akuti lakuti liwachotsere nyamakazi yawo. Ali pompano, ngati ndikunama anditsutse.

Lachisanu lapitali, pa 14 Novembala 1958, malemu anakhala pakhonde tsiku lonse akupaka matabwa a mbawa, uku akuimba nyimbo za mpingo. Loweruka m'mawa anadandaula pachifuwa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anatisiya mwakachetechete. Mitima yathu ikuwawa, koma sitikudandaula. Munthu amene tinataya naye mtima pamphasa paja tadya naye, taseka naye zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Asiya mayi a kunyumba, ana anayi, Davis, Winnie, Cyrus ndi Dinah, komanso zidzukulu khumi ndi ziwiri. Tikuthokoza mpingo, amayi amene akhala pamoto, anyamata okumba manda, asodzi amene asiya maukonde awo lero, ndi mmisiri wathu Ada Paston Mhone amene akhoma bokosi. Tawonga ukongwa, zikomo kwambiri.

Mawu amodzi okha pa za bokosili, poti ndaona ena mukunong'onezana. Matabwa ake ndi aja a Lachisanu. Ada Mhone anafuna kulikuta ndi nsalu yakuda monga timachitira, koma Ama NyaManda akana. Akuti amuna awo mdima anauona kale wokwanira, lero apite atavala mitundu yawo. Choncho inu onyamula bokosi, samalani majekete anu, chifukwa penti sinaume. Ikakutsalirani m'manja, musathamangire kusamba.

Mzimu wa Ada Mackford Chiumia uuse mumtendere.